Ndapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi ku Nacala, ndinyamuke bwanji ndipo ndidzere kuti?

Wofunsa:
Moni nonse apagulu. Ndabisa dzina chifukwa kuntchito sakudziwa kanthu.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimaphunzitsa Chingerezi pa CDSS ina m'boma la Kasungu, ndili ndi dipuloma ya ku Domasi. Mnzanga amene tinaphunzira limodzi anakwatiwa ku Mozambique, ndiye wandilumikizitsa ndi sukulu ina yomwe si yaboma ku Nacala, kugombe kuja kumene kumathera njanji yodutsa ku Nkaya ndi ku Liwonde. Akufuna munthu woti masana aziphunzitsa ana a sekondale, madzulo akuluakulu ogwira ntchito kudoko. Malipiro ndi a mameticais, ndipo mmene kwacha yathuyi yafookera chichokereni November 2023, akuposa ndithu zimene ndikulandira kuno. Ati miyezi yoyamba andipatsa chipinda pasukulu pomwepo.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti mwini sukuluyo akuti ndingonyamula pasipoti, paboda andidindire masiku 30 a mlendo, ndikayambe kuphunzitsa, mapepala akakonza ndili komweko. Sukulu zakumeneko zimatsegulira chakumayambiriro kwa chaka, mvula ili mkati, ndiye akundifulumizitsa kwambiri. Amene mukudziwa, zimatheka zimenezi?

Ndege sindingakwanitse, ndiyenda pansi. Ndidzere boda iti, Chiponde kapena Muloza? Ndili ndi mabuku odzaza katoni, ndiwatenge? Chipwitikizi ndimangodziwa moni basi. Setifiketi ya TEFL, yophunzitsira Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina, imene anthu amaitchulayi ndiyofunikadi kwa munthu amene ali kale ndi dipuloma? Nanga ntchito ya boma ndiyisiye kapena pali njira ina? Mwana ndimusiya kwa agogo ake, ndiye sindikufuna kukalakwitsa chinthu chimene chingandilepheretse kubwerera kudzamuona. Ndithandizeni chonde.

Mphunzitsi wa ku Nampula:
Achemwali, ndiyambe ndi mapepala chifukwa zina zonsezo n'zopepuka. Chidindo cha mlendo sichikupatsani ufulu wogwira ntchito, olo tsiku limodzi. Chimene mukufunika ndi viza ya ntchito, visto de trabalho, ndipo imeneyi mumaitenga musanalowe m'dziko, ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Koma woyamba kuyenda ndi bwana wanuyo, osati inu. Iye ndi amene amakapereka kontilakiti yanu ku unduna wa zantchito. Lamulo lakuno limaika malire a chiwerengero cha alendo amene kampani ingalembe molingana ndi kukula kwake, ndiye sukulu yaing'ono imatha kukhala ndi malo a mlendo mmodzi kapena awiri okha. Mufunseni mosabisa ngati malo amenewo alipo. Amene amati "tidzakonza muli konkuno" nthawi zambiri ndi amene malowo anawadzaza kale, kapena sakufuna kulipira ndalama za chilolezo.

Kumbali yanu konzani izi muli kumudzi, chifukwa mukawoloka zimavuta kuzitsatira. Kalata ya polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, imene amajambula zala ija ku Area 30. Dipuloma ndi MSCE yanu zidindidwe ku unduna woona za ubale ndi maiko ena, kenako kwa kazembe wa Mozambique. Zidzafunika kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, ndipo aboma kuno amafuna kalata yotchedwa equivalência, yotsimikiza kuti maphunziro anu akufanana ndi gawo liti la maphunziro akuno. Imeneyi imachedwa, muiyambe msanga. Mukafika ndi viza yanuyo, za chilolezo chokhalira m'dziko mukazilondola ku Migração, ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, komanso mukatenge nambala ya msonkho yotchedwa NUIT. Popanda zimenezi akaunti ya kubanki siitsegulika, malipiro muzingolandirira m'manja, ndipo tsiku limene bwana adzanene kuti mwezi uno zavuta, mulibe kokadandaula.

Kontilakiti ikhale yolembedwa, ndipo mnzanu uja akuwerengereni mzere ndi mzere. Muone ngati ndalama imene akulonjezayo ndi yochotsa kale msonkho wa IRPS ndi ya INSS (thumba la penshoni la boma), muone ngati December ndi January amalipira, muone kuti chipinda chija mukhalamo mpaka liti.

Membala wina:
Anthu mukuwaopseza madam. Ambirimbiri akugwira ntchito ku Tete ndi ku Lichinga ndi chidindo chomwecho, mwezi ukatha amapita paboda kukadinditsa n'kubwerera. Mwayi sudikira munthu, pitani mukaonere komweko.

Mphunzitsi wa ku Nampula:
Achimwene, wa ku Tete akafuna kudinditsa amakwera basi m'mawa kupita ku Zobue, madzulo wabwerera. Kuchokera ku Nacala kufika paboda ya Malawi ndi mtunda wa makilomita oposa 600, masiku awiri kupita, awiri kubwerera, mwezi uliwonse. Kalasi azimusungira ndani? Ndipo mphunzitsi sabisika ngati wogulitsa zitenje. Amaima kutsogolo kwa ana 40 tsiku lililonse, makolo akumudziwa, oyendera za ntchito akafika pasukulupo amayamba kufunsa za mlendoyo. Masiku akapitirira pamakhala chindapusa cha tsiku lililonse, ndipo akakuthamangitsani m'dziko, kudzalowanso kumavuta.

Mayi wa ku Area 25:
Mwana wanga, sindikunena kuti mnzakoyo ndi woipa. Koma atsikana athu amene anakavutika ku Oman aja nawonso anauzidwa ndi anthu owadziwa kuti zonse zakonzedwa. Pasipoti yako isachoke m'manja mwako, olo bwana anene kuti akufuna akakukonzere mapepala, upite naye limodzi. Abale ako asunge dzina la sukuluyo, nambala ya mwini wake ndi fotokope ya pasipoti yako. Uyimbe foni ya vidiyo nthawi ya sukulu, uone makalasi ndi ana ndi maso ako.

Dalaivala wa thiraki:
Za njira ndiyankhe ine madam, msewu umenewu ndimaudya. Kuchokera ku Kasungu, Chiponde ndiye yanu. Lilongwe, Mangochi, mugone pamenepo, m'mamawa mukwere zopita ku Namwera mpaka Chiponde. Pakati pa ofesi yathu ndi ya Mandimba pali kamtunda ndithu, simungayende wapansi ndi katundu, mukwera kabaza wa njinga yamoto. Mugwirizane mtengo musanakwere. Pa Mandimba mupeza machapa, ndiwo maminibasi akumeneko, opita ku Cuamba, makilomita pafupifupi 150. Sanyamuka asanadzaze, ndiye mukawoloka masana mwagona pa Mandimba.

Pa Cuamba musankhe. Pali sitima ya anthu yopita ku Nampula, makilomita ngati 350, imanyamuka mbandakucha n'kukafika madzulo, koma siyenda tsiku lililonse, ndiye mnzanuyo akufunsireni masiku ake sabata yomwe mukunyamukayo. Kwa munthu wa katundu sitimayo ndi yabwino kuposa chapa, mumatambasula miyendo, chimbudzi chilimo. Imaima pa Mutuali, Malema, Iapala, Ribáuè, ndipo paliponse azimayi amathamangira m'mawindo ndi mabeseni a anyezi, tomato, nthochi ndi chinangwa, anthu amagula matumba athunthu podzera pawindo pomwepo. Mapiri amiyala akumeneko mudzawakonda. Tikiti mugule dzulo lake. Kuchoka ku Nampula kupita ku Nacala ndi makilomita pafupifupi 190 kudzera Namialo ndi Monapo, tara yekhayekha, machapa ndi ambiri.

Ya Muloza ndi yabwino kwa wochokera ku Blantyre: Milange, Mocuba, kenako msewu waukulu wa N1 kudutsa Alto Molócuè. Kwa inu n'kuzungulira. Komanso nthawi ya mvula Mocuba ndi malo oopsa, mu January 2015 mtsinje wa Licungo unadula mlatho pamenepo, kumpoto konse kunalekana ndi kummwera kwa masabata angapo.

Nyengo imene akukuitanirayi ndi ya anamondwe. Gombe analowera m'chigawo cha Nampula mu March 2022, Dikeledi anadutsa kufupi ndi Nacala komweko mu January 2025. Muzimvera zanyengo musananyamuke, ndipo muike masiku awiri apadera pa ulendo wanu. Usiku musayende. Pa Namialo pali mphambano yopita ku Pemba, kumeneko kulibe chanu, ku Cabo Delgado nkhondo ija ya zigawenga inayamba mu 2017 sinatheretu.

Mayi wa geni wa ku Namwera:
Ndiwonjezere za ndalama, achemwali. Anyamata osintha ndalama pa Chiponde amakuzungulirani ambiri nthawi imodzi, wina akuwerenga, wina akukulankhulitsani. Musinthe zochepa zokufikitsani ku Cuamba, muwerenge nokha mameticais m'manja mwanu musanapereke makwacha, ndipo mufunse mtengo kwa amayi anzanu amene akuwoloka, osati kwa osinthawo. Kupitirira Mandimba kwacha ilibe ntchito. Ndalama musaike malo amodzi, zina mumangirire m'kansalu m'chiuno. Pa Mandimba mpaka Cuamba mudzamvana ndi anthu m'Chinyanja kapena m'Chiyao, koma kupitirira apo ndi Chimakhuwa ndi Chipwitikizi basi. Mugule simukhadi ya Movitel kapena Vodacom mukangowoloka, amalembetsa ndi pasipoti. Movitel imagwira bwino m'midzi. Mapulagi akumeneko ndi a mabowo awiri ozungulira, chaja chanu cha mano atatu sichilowa, mugule adaputala. Neti ya udzudzu musaiwale, ku Nacala kumatentha ndipo malungo ndi ambiri. Madzi amavutanso m'madera ena a tauniyo, mufunse ngati pasukulupo pali thanki.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, ndikulemba zonsezi m'kope. Aphunzitsi a ku Nampula, za equivalência sanandiuzeko n'komwe. Nanga za kaphunzitsidwe ndi katoni yanga ya mabuku ija?

Mphunzitsi wa ku Nampula:
Katoniyo isiyeni. Mabuku athu a MSCE analembedwera mwana amene wakhala akuphunzira masamu, sayansi ndi zonse m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Mwana wakuno amaphunzira zonse m'Chipwitikizi, Chingerezi amakumana nacho maola ochepa pa sabata, akatuluka m'kalasi sachimvanso paliponse. Mukamupatsa ndime yoti afupikitse kapena mafunso a zolembalemba aja, angokuyang'anani. Mutenge dikishonale ya Chingerezi ndi Chipwitikizi, buku limodzi labwino la galamala, kasipika kakang'ono kotchaja, ndi zithunzi zambiri. Zina zonse zikhale mu foni ndi pa fulashi.

TEFL ya maola 120 aboma sakufunsani, dipuloma yanu ndi imene ili ndi mphamvu pa mapepala. Koma ine ndikuti ichiteni pa intaneti pamene mukudikira viza, chifukwa imaphunzitsa chimene ku koleji sitinachiphunzire mokwanira: kuyamba ndi munthu amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe, iwe osadziwa chilankhulo chake. Kulankhula pang'ono, kuonetsa ndi manja, kuwaika awiriawiri kuti azilankhulana, osati kudzaza bolodi ndi manotsi. Setifiketi ina yotere, CELTA ya Cambridge, ndi yapamwamba koma ndi yodula, idikireni kaye.

Kalasi ya madzulo ija ndi imene mudzaikonde. Amabwera atatopa, ena ndi zovala zakuntchito, koma amadziwa chimene akufuna: kuyankha imelo, kulankhula ndi oyendetsa sitima zapamadzi, kuwerenga mapepala a katundu, kupambana intavyu. Tsiku loyamba muwafunse mmodzimmodzi kuti Chingerezi amachifuna pati, maphunziro anu muwamange pamenepo. Amalipira okha, ndiye akaona kuti sakupindula amangosiya kubwera. Dziwaninso kuti kuno amachonga pa 20, ndipo wakhoza ndi amene wapeza 10. Chipwitikizi yambani lero, theka la ola tsiku lililonse, manambala, mitengo ndi mawu a m'kalasi poyamba. Misonkhano ya aphunzitsi, makolo, ndi mapepala onse a sukulu ndi za m'Chipwitikizi.

Ahedi opuma:
Mwana wanga, ntchito ya boma usaithawe mwakachetechete. Ukangosowa pasukulu amakulemba kuti wathawa ntchito, ndipo zaka zonse wagwirazi zimakhala pachiswe. Lemba kalata yopempha tchuthi chosalipidwa, idzere kwa ahedi ako kupita ku divishoni, usunge kope yodindidwa. Akhoza kuvomera, akhoza kukana. Akakana, usankhe wekha ndi mtima umodzi, ndipo ngati n'kusiya, usiye ndi kalata ndi notisi yake. Koma kalata iliyonse usaipereke viza isanalowe mu pasipoti. Ngati uli ndi ngongole yodulidwa ku malipiro, ukambirane nawo usanapite. Ana a Fomu 4 amene uli nawowo uwaganizirenso, uwasiyire mnzako manotsi ndi pamene wafika pa silabasi.

Wofunsa:
Bambo, ndamva, ndipo za ana a Fomu 4 zandikhudza. Usiku womwe uno ndamulembera mwini sukulu uja kuti anditumizire kontilakiti ndi umboni woti wakapereka dzina langa ku unduna wa zantchito, ndipo ndamuuza kuti ndikhoza kuyamba teremu yachiwiri ngati mapepala achedwa. Wawerenga koma sanayankhe. Lolemba ndipita ku Area 30 kukayamba za kalata ya polisi, imeneyo ndiyofunika olo zitasintha. Amene munadinditsapo masetifiketi kwa kazembe wa Mozambique chaka chino, munatenga masiku angati, ndipo womasulira munamupeza ku Lilongwe konkuno kapena munatumiza ku Nampula?