Time Machine yaima pa "Preparing backup" chiikireni macOS Monterey

Wojambula_Zomba

Moni nonse a pabwalo lino. Ndabwera kudzapempha nzeru pa vuto limene landisowetsa tulo kwa masiku atatu tsopano. Ndimajambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ntchito yanga yonse imakhala mu MacBook Pro ya 2015, imene ndakhala ndikuigwiritsa ntchito ndi macOS Catalina kwa zaka zingapo. Sabata yatha ndinaikamo Monterey chifukwa pulogalamu imene ndimakonzera zithunzi inafuna mtundu watsopano wa macOS. Kuikako kunayenda bwino, kompyuta ikuyaka msanga ndipo mafayilo onse alipo.

Vuto lili pa Time Machine, pulogalamu ya macOS imene imasunga makope (ma backup) a mafayilo pa disiki ina. Ndili ndi disiki yakunja ya 2 TB imene ndinagula mu 2018, ndipo ma backup anga onse kuyambira chaka chimenecho ali mmenemo. Kale ndikailumikiza madzulo, ntchito inkatha ndisanamalize kudya nsima. Usiku woyamba nditaika Monterey, inangolemba kuti "Preparing backup" mpaka tambala kulira, ndipo m'mawa ndinaizimitsa poganiza kuti yakanika. Usiku wachiwiri ndinayambitsanso, koma magetsi anazima pakati pa usiku, batire nayo inatha. Dzulo inadutsa pamenepo ndi kuyamba kukopera, koma patapita maola asanu inali itangokopera mamegabaiti ochepa mwa 180 GB imene ikunena, ndipo nthawi yotsala ikungosinthasintha. Ndikaika khutu pa disiki ndikumva ikuzungulira, kanyali kake nakonso kakuphethira.

Mnzanga wina wandiuza kuti ndingofufuta disikiyo ndi kuyambira pachiyambi. Mtima wanga ukukana, chifukwa muli zithunzi za maukwati a mu 2019 ndi 2020 zimene ndinazichotsa mu kompyuta kuti ndipeze malo, ndipo eni ake amabwerabe kudzapempha kuti ndiwatsukire zina. Kodi disikiyi yafa, kapena pali chimene ndikulakwitsa?

Naphiri

Bambo a ku Zomba, pepani ndi vutoli, ndipo mwachita bwino kufunsa musanafufute kalikonse. Malinga ndi zimene mwafotokoza, ine sindikuona chizindikiro choti disiki yafa. Ndikuona backup imene ikuchedwa pa zifukwa zodziwika, ndiponso imene yadulidwa kawiri isanamalize gawo lake lolemetsa kwambiri.

Ndifotokoze chimene chimachitika pa "Preparing backup". Masiku onse macOS imasunga kaundula wa mafoda amene asintha, wotchedwa FSEvents, ndipo Time Machine imangowerenga kaundulayo ndi kukopera zosinthazo. N'chifukwa chake kale inkamaliza msanga. Mukaika mtundu watsopano wa macOS, kapena kompyuta ikazima mwadzidzidzi, kaundula ameneyu sadalirikanso, choncho Time Machine imayenera kuyenda foda ndi foda, fayilo ndi fayilo, kuyerekeza zimene zili mu kompyuta ndi zimene zili mu backup yomaliza. Pa disiki yozungulira yokhala ndi mafayilo ang'onoang'ono mazanamazana, ntchito imeneyi imatha kutenga usiku wonse ndi kupitirira. Nthawi iliyonse mukaidula, ntchito yoyerekezayo imayambanso, ndiye masiku atatu anuwo sanaunjikane kukhala ntchito imodzi.

Chinanso n'chakuti pa masiku oyamba mutakweza, Spotlight, chofufuzira mafayilo cha macOS, imakhala ikulembanso mndandanda wa mafayilo onse, ndipo Photos ndi Mail nazo zimasintha nkhokwe zawo kuti zigwirizane ndi mtundu watsopano. Zonsezi zimalimbirana disiki ndi Time Machine, imene mwadala inapangidwa kuti izipereka mpata kwa ntchito zina. Nkhokwe zosinthidwazo zimaonekanso ngati mafayilo atsopano, ndipo mwina mbali ina ya 180 GB yanu yachokera kumeneko.

Kuti mudziwe ngati yaimadi kapena ikungoyenda pang'onopang'ono, tsegulani Activity Monitor, pulogalamu yoonetsa ntchito zimene kompyuta ikugwira, pitani pa Disk, ndipo fufuzani dzina lakuti backupd, lomwe ndi ntchito ya Time Machine. Lembani pa pepala manambala a zimene yawerenga ndi zimene yalemba, mubwerenso pakatha mphindi khumi ndi zisanu. Manambala akakhala akukwera, ntchito ikuyenda. Mukaonanso mds kapena mds_stores, zomwe ndi ntchito za Spotlight, zili pamwamba pa mndandanda, dziwani kuti Spotlight sinamalize. Mukhozanso kutsegula Terminal, pulogalamu yolemberamo malamulo, ndi kulemba tmutil status, imene imaonetsa gawo limene backup yafika ndi kuchuluka kwa mafayilo amene akopedwa.

Pali lamulo limodzi limene limathandiza pa backup yoyamba ngati imeneyi. Mu Terminal lembani sudo sysctl debug.lowpri_throttle_enabled=0 ndipo ikafunsa muike password yanu. Lamuloli limachotsa chomangira chimene chimachepetsa liwiro la ntchito za kumbuyo, choncho kompyuta ikhoza kumveka yolemera mukamagwira ntchito zina, koma backup imathamanga. Zimabwerera mwakale mukazimitsa kompyuta ndi kuyatsanso, kapena mukalembanso lamulo lomwelo ndi 1 m'malo mwa 0. Pomaliza, mu System Preferences, pa Battery, pa gawo la Power Adapter, sankhani kuti kompyuta isagone yokha chinsalu chikazima, ndipo chotsani chizindikiro pa mzere wogoneka ma hard disk. Musankhe tsiku limene mukuyembekezera magetsi kwa maola ambiri, ndipo mukayambitsa musaikhudzenso.

Mbewe wa ku Johannesburg

Zimene anena a Naphiri n'zoona ndipo sindikutsutsa ngakhale chimodzi, koma ine chandiopsa ndi chiganizo chimodzi m'funso lanu, achimwene, choti zithunzi za 2019 ndi 2020 zatsala mu backup mokha. Musanayese lamulo lililonse, yambani mwapulumutsa zimenezo lero lomwe.

Chifukwa chake n'chakuti Time Machine si nkhokwe yosungira zinthu mpaka kalekale. Imasunga ma backup a ola lililonse a maola 24 apitawa, a tsiku lililonse a mwezi wapitawu, ndi a sabata iliyonse a nthawi ya m'mbuyo, ndipo disiki ikadzaza imayamba kufufuta akale kwambiri kuti ipeze malo. Tsopano taganizani: mukufuna kulowetsa 180 GB mu disiki imene yakhala ikudzazidwa kuyambira 2018. Ngati malo otsala ndi ochepa, backup imene mukuilimbikira kuti ithe ndi yomweyo imene ingadye maukwati akalewo. Komanso pa disiki yokonzedwa mu HFS+, dongosolo lakale la Apple losungira mafayilo, kufufuta backup yakale ndi ntchito yochedwa kwambiri, ndipo mwina china chimene chikukuchedwetsani ndi chimenecho.

Choncho chotsani kaye chizindikiro pa "Back Up Automatically", muone malo amene atsala mu disikiyo, kenako mulowe mu Time Machine, mubwerere ku chaka chimene zithunzizo zinali mu kompyuta, ndipo muzibwezeretse ku disiki ina. Ine ndimakonza makompyuta kuno, ndipo ndinaonapo mayi wina akulira pa kauntala yanga chifukwa cha zithunzi za malemu amuna awo zimene ankaganiza kuti zili bwino mu backup, koma zinali zitafufutika miyezi yapitayo disiki itadzaza. Kuyambira tsiku limenelo sindilola munthu kukonza backup asanakopere pambali zimene alibe kwina.

Ndifunsenso za chingwe. Kodi disikiyo mwailowetsa mwachindunji mu kompyuta, kapena yadutsa pa hub, kachipangizo kochulukitsa malo olumikizira USB? Pitani pa chizindikiro cha apulo, About This Mac, System Report, kenako USB, ndipo muone liwiro limene lalembedwa pansi pa dzina la disiki. MacBook Pro ya 2015 ili ndi USB 3, choncho payenera kulembedwa 5 Gb/s. Mukapeza 480 Mb/s, disiki yanu ikuyenda pa liwiro la USB 2, ndipo wolakwa kawirikawiri amakhala chingwe chotha kapena hub. Disiki yaing'ono yopanda chaja yakeyake imadya magetsi ochokera mu kompyuta, ndipo ikamagawana ndi zipangizo zina pa hub imatha kumadukaduka osaonetsa uthenga uliwonse.

Wojambula_Zomba

Zikomo kwambiri a Naphiri ndi a Mbewe. Ndatsatira malangizo anu motsatana, ndipo ndikupereka zimene ndapeza. Mu disiki munatsala 140 GB yokha, kutanthauza kuti mantha a Mbewe anali oona. Ndinaimitsa backup nthawi yomweyo, ndinabwereka disiki kwa mlamu wanga, ndipo maukwati onse a zaka ziwirizo ndawabwezeretsa kumeneko. Ndatsegula zithunzi zingapo m'foda iliyonse ndipo zikutseguka bwino. Ndaona kuti ma backup a miyezi yoyambirira ya 2018 kulibenso, koma mwamwayi munalibe chimene ndikuchifuna.

Za chingwe nazonso munalasa. Disiki inali pa hub imene ndinagula mu msika, pamodzi ndi chowerengera makadi a kamera ndi mbewa ya kompyuta, ndipo System Report inaonetsa 480 Mb/s. Nditailowetsa mwachindunji inaonetsa 5 Gb/s. Hub imeneyi ndinayamba kuigwiritsa ntchito mwezi watha, ndipo sindinaone kusiyana chifukwa ma backup a tsiku ndi tsiku anali aang'ono. Mu Activity Monitor ndinapezadi mds_stores ali pamwamba, ndipo lero m'mawa ndi pamene watsika.

Funso langa tsopano ndi ili. Ndawerenga mu Disk Utility kuti disiki yanga ndi Mac OS Extended, imene ndikukhulupirira kuti ndi HFS+ imene a Mbewe anatchula. Kodi ndipitirize nayo, kapena ndiisinthe kukhala APFS, dongosolo latsopano la Apple losungira mafayilo? Ndipo ngati ndingaisinthe, kodi ma backup akale angasamuke nawo?

Naphiri

Ndasangalala kumva kuti zithunzi zapulumuka, ndipo a Mbewe anaona chimene ine ndinachidumpha. Pa funso lanu latsopanoli, yankho lalifupi n'lakuti ma backup akale sangasamuke. Kuyambira pa Big Sur, imene inatuluka mu 2020, Time Machine imagwiritsa ntchito APFS pa disiki iliyonse yatsopano, ndipo imasunga backup iliyonse ngati snapshot, kutanthauza chithunzithunzi cha mmene mafayilo onse analili pa nthawiyo. Pa HFS+ inkagwiritsa ntchito njira ina, ya ma hard link a mafoda (maina angapo oloza foda imodzi yomweyo) m'kati mwa foda yotchedwa Backups.backupdb, ndipo APFS ilibe ma hard link a mafoda. N'chifukwa chake disiki yakale ya Time Machine singasinthidwe kukhala APFS popanda kuifufuta, ndiponso foda imeneyo simungaikopere ku disiki ya APFS n'kuyembekezera kuti igwira ntchito.

Monterey imathabe kulemba pa disiki ya HFS+, choncho kupitiriza nayo n'kotheka, koma ine sindingakulangizeni kutero. Disikiyo yadzaza, yagwira ntchito zaka zambiri, ndipo yadulidwa pakati pa ntchito kawiri sabata ino. Ndikanakhala inu ndikanagula disiki yatsopano yokula kuwirikiza kawiri kapena katatu zimene zili mu kompyuta, ndi kuisankha mu Time Machine kuti iikonze yokha kukhala APFS. Backup yoyamba idzatengabe maola angapo chifukwa ikukopera zonse, koma zotsatira zake zidzakhala zachangu kuposa zimene munazolowera. Idzakhalanso yopepuka pang'ono, popeza kuyambira pa Big Sur mafayilo a macOS yeniyeniyo salowanso mu backup. Dziwaninso kuti gawo la APFS limene Time Machine yatenga limakhala lake lokha, choncho ngati mukufuna kusungamo mafayilo ena, muwonjezere gawo lina (volume) kudzera mu Disk Utility.

Yakaleyo muichotse pa mndandanda wa Time Machine kuti isalembedwenso, muiyendetse First Aid ya mu Disk Utility kamodzi kuti mudziwe mmene ilili, mulembe zaka zake pa kapepala ndi kumata pamwamba, ndipo muisunge pouma. Tsiku limene mudzafune fayilo ya 2021, mudzailumikiza, mudzagwira batani la Option pamene mukudina chizindikiro cha Time Machine pamwamba pa chinsalu, ndipo mudzasankha "Browse Other Backup Disks".

Mbewe wa ku Johannesburg

Ndikugwirizana ndi a Naphiri pa disiki yatsopano. Ndingowonjezera kuti disiki ya alamu anuyo ndi yobwereka, ndipo tsiku lina adzaifuna. Maukwati amene mwamaliza kukonza ayenera kukhala pa disiki yawoyawo yosungira ntchito zakale, ndi kope lachiwiri pa disiki ina imene simukuisunga m'chikwama chimodzi ndi kompyuta. Ngati ndalama sizikukwana kugula zonse mwezi uno, yambani ndi disiki yosungira maukwatiwo, ndipo yakale ija musaifufute kufikira mutapeza ina, chifukwa pakali pano ndiyo kope lanu lachiwiri la zithunzizo.

Pa nkhani ya magetsi, sankhani disiki imene imadya kuchokera mu kompyuta, chifukwa magetsi akazima batire ya laputopu imaigwirizabe, pamene disiki yaikulu yokhala ndi chaja yakeyake imazima nthawi yomweyo ili pakati polemba. Pa Options mu Time Machine pali mzere wolola backup kuyenda pa batire. Pa backup yoyambayo muuchonge, muyambe batire itadzaza, ndipo ikatsika kwambiri magetsi asanabwere, dinani "Skip This Backup" ndi kutulutsa disiki mwadongosolo kompyuta isanazime yokha.