Masiku atatu okha ku Kraków, ndiyambire pati?

NachisaleWaChitakale:
Anthu akwathu ndithandizeni. Mwana wanga amene akuphunzira ku Poland wandiitana kuti ndikamuone mu Okutobala, viza yatuluka kale, ndiye akuti titenge masiku atatu tikayende ku Kraków. Wanditumizira mndandanda pa WhatsApp, matchalitchi, mgodi wa mchere, nyumba ya mafumu, kaya chani chani, mutu wangozungulira. Ine maondo anayamba kuvuta, ku Dziwe la Nkhalamba ndinasiya kukwera kalekale. Chimene mtima wanga ukufuna kwenikweni ndi kukapemphera kwa Faustina Woyera, sisitere uja wa ku Poland wa Chifundo cha Mulungu. Amene munafikako, zotheka ndi ziti?

MphwakeWaLuchenza:
Mayi musade nkhawa, tauni yakale ija ndi yachidikha, palibe chitunda. Yambani pa bwalo lalikulu, amati Rynek Główny, mbali iliyonse pafupifupi mamita 200, mabwalo a mpira asanu angalowemo bwinobwino ndipo analiyala mu 1257. Pakona pali tchalitchi cha Mayi Maria cha nsanja ziwiri, ina yaitali ina yaifupi. Ola likakwana munthu amatsegula kawindo pamwamba penipeni nkuimba lipenga, kanayi, kuyang'ana mbali zonse zinayi, koma nyimboyo imangodukira pakati. Ine ulendo woyamba ndimaganiza kuti mpweya wamuthera mkuluyo, kenako anandiuza nthano yawo yoti kale mlonda analasidwa muvi pakhosi akuchenjeza anthu za adani, ndiye mpaka lero samaimaliza. Khalani pabenchi, gulani obwarzanek pa kangolo, ndi kabuledi kozungulira ngati mphete kowaza mchere kapena chitowe, mudikire lipengalo. Mukalowe mkati mukaone guwa losema pamtengo la mmisiri Veit Stoss, anatha zaka 12 akulisema, anthu ake mitsempha ya m'miyendo imachita kuoneka. Ndalama ndi złoty osati euro, musanamizidwe.

MayiWaBvumbwe:
Achemwali, mwanena Faustina ine mtima wangoti phwii. Ndinafikako mu 2016 nditaperekeza achinyamata a parishi yathu pa msonkhano waukulu uja wa achinyamata achikatolika a dziko lonse. Malowo ndi Łagiewniki, mumakwera tramu, kasitima koyenda mumsewu, kuchokera mtauni, siwotalika ayi. Koma ndikupempheni, musangothera mu tchalitchi chachikulu chatsopanocho, pitani mu kachapelo kakale ka asisitere, ndi mmene muli chithunzi cha Yesu Wachifundo ndipo mafupa a Faustina ali pansi pa chithunzicho. Anamwalira mu 1938 ali ndi zaka 33 zokha. Fikani isanakwane 3 koloko masana kuti mupeze pokhala chifukwa ola la Chifundo kumadzaza, ine ndinagwada pafupi ndi agogo ena achipolishi, iwo akupemphera chinenero chawo ine Chichewa, kolona mmanja tonse, misozi simaifunsa imangobwera. Amene anamulengeza kukhala woyera mu 2000 ndi Papa John Paul II, yemwe uja tinakwerera lole kukamuona ku Blantyre mu 1989, ndipo asanakhale Papa anali arkiepiskopi wa Kraków yemweyo. Tsiku limenelo lipatseni lokhalokha, musaphatikizepo zina.

KalaweSapitwa:
Ine ndinena za mgodi wa mchere wa Wieliczka, pepani mayi koma ndi maondo amenewo ganizani kawiri. Masitepe ndi pafupifupi 800 ndipo 380 oyambawo mumangotsika mozungulira osapuma, kutuluka ndiye mumakwera lifiti. Kukongola kokha ndiye sindikana, pansi mamita 101 pali chapelo ya Kinga Woyera, pansi mchere, guwa mchere, ngakhale magetsi olendewera aja ndi mchere. Ndinanyambita khoma kuti nditsimikize. Koma ine ndimanyamula katundu wa alendo kupita pa Chambe ndipo tsiku lotsatira akatumba amamveka.

MphwakeWaLuchenza:
Achimwene mukuwaopseza kwambiri, agogo ambiri amatsika. Koma chabwino, Wawel, nyumba ya mafumu ija, ndiye asaphonye, kaphiri kake ndi kakang'ono, mafumu awo ambiri anaikidwa mu kathidolo ya pamenepo likulu lisanasamukire ku Warsaw ndi pambuyo pomwe. Kumunsi mphepete mwa mtsinje wa Wisła kuli chinjoka chachitsulo chimalavula moto weniweni.

KalaweSapitwa:
Kutsika ndi kumene kumapha maondo, osati kukwera, funsani aliyense wa ku Likhubula. China, mwana akatchula Auschwitz, msasa wopherako anthu wa chipani cha Nazi cha ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziwani kuti ndi makilomita pafupifupi 70, tsiku lathunthu, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anaphedwa pamenepo, ambiri Ayuda. Simungachoke kumeneko nkupita kokajambulitsa madzulo ake. Ndipo tengani jekete yeniyeni, chiperoni chathu ndi mwana.

NachisaleWaChitakale:
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndamuimbira mwana, tagwirizana kuti Łagiewniki tsiku loyamba, bwalo ndi Wawel lachiwiri, lachitatu tikaonera maondo. Mayi a ku Bvumbwe, amayi a m'mphakati wathu andipatsa kale timakalata ta zopempha zawo, kodi kuli poti nkukasiya kapena ndingowawerengera ndili chogwada?