Za MSc ya dietetics kuno ku UK, amene munadutsamo tithandizeni

Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndimagwira ku care home ku Coventry, chaka chachitatu chino, koma digiri yanga ndi ya nutrition, ndinaitenga ndisanabwere kuno. Sabata yatha kunabwera dietitian, katswiri wa zakudya za odwala, kudzaona agogo awiri amene akuonda kwambiri, ndipo zambiri zomwe ankafotokoza ndinkazitsatira bwinobwino. Mtima wanga wakhazikika pa ntchito imeneyi. Ndapeza MSc ya Human Nutrition ya chaka chimodzi, fomu ndayamba kale kudzaza. Alipo anadutsa njira imeneyi?

Amake Tamanda: Achemwali, fomuyo muyambe mwaisiya. Ndikulankhula ngati munthu amene ndinapsa nazo. Ndinachita MSc ya nutrition ya chaka chimodzi pa yunivesite ina, ndalama za ma night shift a zaka ziwiri zinathera pamenepo. Nditamaliza ndinayamba kufunsira ntchito za dietitian ku NHS, ndipo fomu iliyonse inkafuna nambala ya HCPC (Health and Care Professions Council), bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo. Ndinalibe, ndipo pepala langalo silikanandipatsa. Kuno dzina loti dietitian ndi lotetezedwa ndi lamulo. Munthu sangadzitche choncho ngati sali m'kaundula wa Health and Care Professions Council, ndipo amene waphunzira kuno amalowamo pokhapokha atachita kosi yomwe HCPC inavomereza. Dzina loti nutritionist ndiye aliyense angadzitche. Kaundula wake ulipo, wa Association for Nutrition, koma kulowamo n'kufuna kwa mwini. Sindikuinyoza ntchitoyo, ndimaikonda, koma siikulowetsani mu wodi kuti mukakonze ndondomeko ya chakudya cha wodwala amene akudyera pa chubu.

Chisomo: Mayo ine, ndikanataya ndalama. Ndiye kosi yoyenera ndingaidziwe bwanji anti?

Amake Tamanda: Pitani pa webusaiti ya HCPC, pali mndandanda wa makosi ovomerezeka, musankhe dietitian. Kosi ikasowa pamenepo musamvere za munthu, ngakhale agent atalumbira chotani. Makosi ambiri oyenera amakhala ndi mawu akuti pre-registration m'dzina lawo.

Mphatso: Zomwe anena amake Tamanda n'zoona. Akazi anga ali m'chaka chachiwiri cha kosi yotereyi, ndiye zina ndazionera pafupi. Nthawi zambiri ndi zaka ziwiri, full time. Ife tinayang'ana King's College London, Leeds Beckett, Chester, Cardiff Met, komanso ku Scotland kuli Queen Margaret ku Edinburgh ndi Glasgow Caledonian. Inu a ku Coventry muyang'anenso Birmingham City University, ndi pafupi. Malo amakhala ochepa, ofunsira ambiri. Ambiri amafuna 2:1, giredi yachiwiri kuchokera pamwamba pa digiri ya kuno, koma chomwe chimagwetsa anthu si giredi ayi, ndi zomwe zili mkati mwa digiriyo. Amafuna aone kuti munaphunzira human physiology ndi biochemistry mokwanira. Digiri ikakhala yopendekera ku ulimi kapena kukonza zakudya m'fakitale, amatha kukubwezani ngakhale munakhoza bwino.

Chisomo: Biochemistry ndinachita, physiology semesita imodzi yokha. Ikwana?

Mphatso: Izo anganene ndi a admissions a kosiyo, yunivesite iliyonse ili ndi muyeso wake. Alembereni imelo musanalipire chilichonse, muike transcript ndi tsatanetsatane wa module iliyonse. Tsatanetsataneyo muyambe kuipempha lero kusukulu kwanu, ife inatitengera miyezi kuti ifike. Ena amafunanso Statement of Comparability ya UK ENIC, yosonyeza kuti digiri yanu ikufanana ndi iti ya kuno. Chingerezi nachonso musachitenge mopepuka chifukwa choti mumachilankhula tsiku lililonse kuntchito. Muyeso wa HCPC ndi IELTS 7.0, popanda gawo lotsika kuposa 6.5, ndipo makosi ambiri amatengera pomwepo. Gawo la kulemba ndi lomwe limavuta anthu.

Bambo a Yankho: Ndalowa mochedwa, ndimachokera ku shift. Achemwali Chisomo, musanapite patali, muli pa viza yanji, ndipo muli ndi banja pa viza imeneyo?

Chisomo: Health and Care Worker. Amuna anga ndi mwana ali pa viza yanga, tinabwera lamulo la ma dependant lisanasinthe.

Bambo a Yankho: Ndiye pamenepo ndi pomwe pagona nkhani. Viza yanuyo simakuletsani kuphunzira, koma imafuna kuti muzigwirabe ntchito yomwe anakupatsirani sponsorship. Kosi iyi ili ndi ma placement osachepera maola 1,000, m'chipatala ndi m'madera, tsiku lonse, osalipidwa, ndipo nthawi zina amakutumizani kutali ndi kwanu. Kuphatikiza zimenezo ndi ma shift athunthu a ku care home sizitheka, thupi lingakane. Ndiye ena amaganiza zosinthira ku Student visa. Werengerani bwino musanatero. Kuyambira pa 1 January 2024, amene akuchita masters ya m'kalasi sangaike mkazi, mwamuna kapena ana pa viza yake, kupatula ochita za research ndi olipiriridwa ndi boma. Ntchito mumaloledwa maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu. Mudzayambanso kulipira health surcharge, ndalama ya chithandizo cha NHS, £776 pa chaka, yomwe pa viza yanu yapano simulipira. Ndipo zaka za pa Student visa siziwerengedwa pa njira ya viza ya ntchito yopezera ILR, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Malamulo a viza akusinthasintha masiku ano, ndiye tsiku lomwe mudzafune kuchitapo kanthu, werenganinso pa GOV.UK kapena muonane ndi adviser wovomerezeka.

Chisomo: Banja langa sindingaliike pachiswe. Ndiye basi, ndiiwale?

Bambo a Yankho: Ayi, musaiwale, ingosinthani nthawi yake. Mukapeza ILR, ndipo mwakhala kuno zaka 3 kosi isanayambe, nthawi zambiri mumayamba kuwerengedwa ngati home student. Fizi imatsika kwambiri poyerekeza ndi ya international. Ku England oyenerera amatha kutenga ngongole ya Student Finance, komanso pali NHS Learning Support Fund yomwe imapereka £5,000 pa chaka yosabweza kwa ophunzira makosi ngati dietetics. Ndi zomwe anadikirira akazi a Mphatso, ngati sindikulakwa.

Mphatso: Ndi choncho. Aima pompano, akuti ndiwapatse foni.

Mphatso: Ndine Thoko, akazi a Mphatso. Chisomo, nthawi yodikirayi musaione ngati yotayika, chifukwa zomwe mukuchita ku care home ndi zomwe zinandipulumutsa pa interview. Anzanga ambiri m'kalasi anachokera ku yunivesite mwachindunji, sanayambe adyetsapo munthu amene akuvutika kumeza. Inu mwadyetsa. Kungoti muyambe kuchita zinthuzo mukudziwa chifukwa chake. Mwachitsanzo MUST, fomu yoonera chiopsezo cha kupereweredwa zakudya m'thupi, yomwe mumadzaza mukayeza agogo pa sikelo. Musamangolemba nambala. Ili ndi zinthu zitatu: BMI (kulemera poyerekeza ndi msinkhu), kuonda kosakonzekera pa miyezi 3 mpaka 6 yapitayo, ndi matenda aakulu oti munthu sakudya kwa masiku oposa 5. Zikaphatikizidwa n'kufika 2 kapena kuposa, chiopsezo ndi chachikulu, ndipo ndi pomwe dietitian amaitanidwa. Chimodzimodzi IDDSI, ma level 0 mpaka 7 a kulimba kwa zakumwa ndi zakudya za ovutika kumeza. Amene amayeza kameza ndi speech and language therapist, koma dietitian ndiye amaonetsetsa kuti munthu wa pa level 4 akupezabe mphamvu ndi mapuloteni okwanira, chifukwa chakudya chopota akachisungunula kwambiri mbale imadzaza koma mulibe kanthu. Pa interview anandifunsa za munthu amene ndinamuona akuonda ndi zomwe ndinachita. Ndinafotokoza nkhani yeniyeni, osatchula dzina, ndipo ndinaona kuti akumvetsera.

Koma ndikuuzeninso zoona, kosiyo ndi yolemera. Placement yanga yoyamba m'wodi ndinakumana ndi refeeding syndrome. Munthu wakhala nthawi osadya, mtima umafuna kumupatsa chakudya chambiri nthawi imodzi, koma ukatero insulin imakwera, phosphate, potassium ndi magnesium zimathawira m'maselo, m'magazi zimatsika, ndipo mtima wa wodwalayo ukhoza kuima. Ndiye umayamba pang'onopang'ono, ndi thiamine, ukuyang'ana zotsatira za magazi tsiku ndi tsiku. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake amakakamira biochemistry. Odwala impso, a shuga, a khansa, a PEG (odyera pa chubu cha m'mimba), aliyense ali ndi masamu ake.

Linda: Kwa amene muli mbali ya kuno ku Ireland, nkhani ndi yomweyo koma kaundula ndi wa CORU, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo kuno. Ma masters ake ali ku University College Dublin, Limerick ndi Cork. Kulembetsa ku HCPC sikukulowetsani ku CORU mwachindunji, mumafunsiranso.

Amake Tamanda: Thoko, nanga ma dietetic assistant aja?

Mphatso: Eya, ndi Thoko yemwe. Ndi ntchito yabwino yoyambira, nthawi zambiri Band 3 pa makwerero a malipiro a NHS, umagwira pansi pa dietitian ndipo umaona zonse. Ma trust ena, mabungwe oyendetsa zipatala za NHS, amatumiza anthu awo ku degree apprenticeship, kuphunzira ukulandira malipiro. Koma Chisomo afunse kaye za sponsorship, si ntchito zonse za Band 3 zomwe zimapereka, asasiye yomwe ali nayo asanatsimikize. Dietitian womaliza kumene amayambira Band 5. Chinthu chosafuna ndalama n'komwe: dietitian amene amabwera ku home kwanuyo, mupempheni kuti mumutsatire tsiku limodzi. Makosi ambiri amafuna kuona kuti munaionapo ntchitoyo ndi maso.

Chisomo: Fomu ija ndaitseka. Dietitian uja abweranso Lachinayi kudzaona agogo aja, ndikawapempha manijala andiike shift imeneyo. Achemwali Thoko, imelo yomwe munalembera a admissions mukadali nayo? Sindikudziwa poyambira.

Mphatso: Ndi Thoko, ndili nayo. Mawa ndili ku placement mpaka 5 koloko, ndikakutumizirani madzulo ku inbox. Pakadali pano jambulani transcript yanu masamba onse, muchonge ma module a physiology ndi biochemistry, tidzaione limodzi.