Mtengo wa Duke Energy ukugwa mu Julayi 2012 pamene unayenera kukwera

Wofunsa: Akuluakulu anzanga, ndapatsidwa ntchito yolondoloza mmene mtengo wonse wa kampani ya magetsi ya Duke Energy wakhala ukuyendera pamsika wa masheya wa New York kuyambira 2005, ndipo pali malo amodzi amene andiimitsa mutu. Ndikuchulukitsa mtengo wa sheya imodzi pakutha pa mwezi ndi chiwerengero cha masheya onse, monga timachitira tonse, koma gilafu yanga ikuonetsa madola pafupifupi 90 biliyoni mu Juni 2012, kenako mu Julayi n'kugwa pafupifupi ndi theka. Umenewutu ndi mwezi womwe kampaniyi inalumikizana ndi kampani inzake ya Progress Energy n'kukhala yaikulu kuposa makampani onse a magetsi ku United States. Kodi ndasokoneza pati?

Wosanthula masheya: Bambo, ndikukayikira kuti mitengo mwaitenga kwina ndipo chiwerengero cha masheya mwachitenga kwinanso. Pa 2 Julayi 2012, tsiku limene mgwirizanowo unatheka, Duke inaphatikiza masheya atatu alionse kukhala sheya imodzi, moti mtengo umene unali pafupifupi madola 23 unasanduka pafupifupi madola 69 popanda mwini sheya kulemera kapena kusauka. Amene amagawa mitengo yakale pa intaneti anabwerera m'mbuyo n'kuchulukitsa mitengo yonse katatu, pamene malipoti a nthawi imeneyo akadali ndi masheya oposa 1.3 biliyoni. Mukakwatitsa mtengo wokonzedwa ndi chiwerengero chosakonzedwa, zaka zonse za m'mbuyo zimafufuma katatu. Mtengo weniweni wa kampaniyi mu Juni unali pafupifupi madola 30 biliyoni.

Wofunsa: Zikomo kwambiri mayi, ndi momwemo ndithu. Ndagawa ndi 3 chiwerengero cha miyezi yonse isanafike Julayi 2012 ndipo phompho lija latha. Tsopano mzere ukudumpha chokwera, chifukwa masheya achoka pa 446 miliyoni kufika pafupifupi 704 miliyoni. Komabe manambala a 2008 ndi 2009 akuoneka ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ndimayembekezera.

Wowerengera ndalama: Yang'anani mutu wa mzere wa patebulo umene mwakopera mitengo, bambo. Ngati palembedwa adjusted close, mitengoyo inachotseredwanso dividendi (phindu limene kampani imagawira eni masheya) yonse imene inaperekedwa kuchokera tsikulo mpaka lero, ndipo pa kampani ya magetsi, imene imagawa gawo lalikulu la phindu lake miyezi itatu iliyonse, kuchotserako kumaunjikana kwambiri mukamabwerera zaka khumi kapena kuposerapo. Mzere umenewo ndi wa munthu amene akuwerengera zimene wogula sheya wapindula. Inu mukufuna mtengo wotsekera wokonzedwa pa kuphatikiza kwa masheya kokha. Ine ndinagwapo m'mbuna imeneyi, ndipo ndinazindikira lipoti litapita kale kwa akuluakulu.

Chinanso n'chakuti musatenge chiwerengero chimene amawerengera phindu la sheya imodzi, chifukwa chimenecho ndi avereji ya chaka chonse, ndipo cha 2012 chimagwera pakati pa 446 miliyoni ndi 704 miliyoni, nambala imene sinakhalepo tsiku lina lililonse. Tengani chimene chili patsamba loyamba la 10-K (lipoti la kampani la pachaka) ndi 10-Q (la miyezi itatu) ku EDGAR, malo a pa intaneti amene boma la United States limasungirako malipoti a makampani, chifukwa chimabwera ndi deti lake.

Wosanthula masheya: Ndikugwirizana nazo, koma ndikuonjezera kuti kudumpha kwina sikufunika kukonzedwa ayi. Mu Epulo 2006 Duke inatenga kampani ina ya magetsi ya Cinergy polipira ndi masheya atsopano, ndipo mu Januwale 2007 inapatula bizinesi yake ya mapaipi a gasi kukhala kampani yapayokha ya Spectra Energy. Koyambako mtengo wonse unakweradi ndipo kwachiwiriko unatsikadi, ngakhale eni masheya sanataye kanthu chifukwa analandira masheya a Spectra. Apa chenjerani, popeza ogawa mitengo ena amatsitsa mitengo ya 2006 kubwerera m'mbuyo pofuna kusalaza mzere, zimene zimachepetsa kampani ya nthawiyo.

Wowerengera ndalama: Pamenepo mayi ndingasiyane nanu pang'ono. Wowerenga akaona mzere ukukwera ndi theka m'mwezi umodzi amaganiza kuti msika wakondwera ndi kampaniyo, pamene chachitika n'chakuti makampani awiri alowa m'thumba limodzi. Ine ndikanajambula mizere iwiri, wa mtengo wonse pamwamba ndi wa chiwerengero cha masheya pansi pake.

Wofunsa: Ndachita zimenezo, ndipo pa Epulo 2006, Januwale 2007 ndi Julayi 2012 ndaikapo mawu ofotokoza. Miyezi ya Spectra isanapatuke ndiitsimikizira ndi mitengo ya masheya imene ili m'lipoti la 10-K la 2006, kenako nditumiza tebulo lonse kuti mulione ndisanalipereke.