Tipemphe chiyani kuti asodzi ndi amayi a padoko la Kachulu aziyezetsa magazi?

WakuKachulu

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno ku nyanja ya Chilwa achipatala akabwera ndi tenti yoyezera magazi, odzaza pabenchi amakhala amayi apakati ndi azigogo. Asodzi, anyamata okoka khoka ndi amayi ogula matemba amene amagona padoko saoneka, chonsecho ndi iwowo amene ali pachiopsezo chachikulu cha kachilombo ka HIV. Ena amatha masabata ali m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi, ena amawolokera ku chilumba cha Chisi. Komiti yathu ya padoko ikufuna kukakumana ndi achipatala. Tikapemphe chiyani kwenikweni? Nanga tizipangizo todziyezera wekha tija n'todalirika?

PhunguWaMtauni

Bambo, choyamba kapempheni kuti asinthe nthawi. Tenti ikafika 9 koloko m'mawa n'kunyamuka masana, msodzi amakhala ali pamadzi, kapena ali m'tulo atakoka usiku wonse. Inu a komiti ndinu mukudziwa ola limene mabwato amakocheza komanso tsiku limene anyamata amalandira ndalama zawo. Oyeza akhalepo nthawi imeneyo, ngakhale kukhale kutada.

Chachiwiri, tenti ya HIV yokha mwamuna salowa anzake akuona. Pemphani kuti pakhalenso mankhwala a likodzo, kuyeza BP, makondomu ndi chithandizo cha chindoko ndi chinzonono. Aliyense wa kunyanja ali ndi chifukwa chofunira mankhwala a likodzo, ndiye wolowa m'tentimo sadziwika chimene walowera.

Kachipangizo kofala ndi OraQuick, ndipo n'kodalirika munthu akatsatira ndondomeko. M'paketi mumakhala kamtengo kokhala ndi nsonga yaphwatalala, kabotolo ka madzi a mankhwala, poimikapo kabotoloko, ndi pepala la zithunzi. Munthu asadye kapena kumwa kanthu kwa mphindi 15 asanayambe, ndipo ngati watsuka mano ndi mankhwala adikire mphindi 30. Nsonga ija asaigwire ndi zala. Aipititse kamodzi m'nkhama zam'mwamba, kamodzi m'nkhama zam'munsi, kenako aiviike m'kabotolo osataya madziwo. Awerenge pakatha mphindi 20, zisapitirire 40. Pa kamtengoko pali zilembo C ndi T pamene pamatuluka mizere. Mzere umodzi pa C ndiye kuti kachilombo sikanaoneke. Mizere iwiri, pa C ndi pa T, ngakhale wa pa T ukhale wosaoneka bwino, apite kuchipatala akatsimikize. Pa C pakapanda mzere kachipangizoko sikanagwire ntchito, atenge kena.

Pamene anthu amalakwitsa kwambiri ndi pa nthawi. Wopanda wotchi amawerenga msanga mzere usanatuluke, kapena amakasunga m'thumba n'kukaona mawa. Wogawa aonetse kaye ndi manja ake momwe amachitira, osangopereka paketi, chifukwa ambiri padoko kuwerenga kumawavuta.

NamwinoWaART

Zonse zanenedwazi n'zoona, koma ine sindingalole kuti komiti ibwereko ndi makatoni a OraQuick okha n'kumati ntchito yatheka. Munthu amene waona mizere iwiri ali yekha m'chimbowera usiku, chipatala chili kutali, amachita chiyani? Ambiri amangokhala chete. Kuyeza kopanda njira yofikira pa mankhwala kumangomusiyira munthu mantha.

Ndiye funsani achipatala mafunso awa ndipo akuyankheni momveka. Wotsimikiza zotsatira adzakhala pati, tsiku liti? Masiku ano munthu sauzidwa kuti ali ndi kachilombo ndi kuyeza kumodzi. Amamubaya pachala n'kuyamba ndi njira yoyezera yotchedwa Determine, imene imawerengedwa pakatha mphindi 15. Ikaonetsa, amabwereza ndi Uni-Gold, kenako SD Bioline, ndipo zonse zitatu zigwirizane. Zikasemphana amauzidwa kuti adzabwerenso, ndipo apa ndi pamene msodzi amasowa ngati palibe amene watenga nambala yake ya foni mwa chilolezo chake. Funso lina: kodi ma ARV adzabwera nawo padoko? Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala posatengera kuchuluka kwa chitetezo cha m'thupi, ndipo angayambe tsiku lomwelo. Kwa akuluakulu ambiri ndi piritsi limodzi patsiku. Mukamuuza munthu kuti akayambire ku Tisungane, kiliniki ya ma ARV ya pa chipatala chachikulu cha Zomba, mwamuuza kuti ataye tsiku la ntchito ndi ndalama ya transipoti, ndipo sapita.

Msodzi amatsata nsomba, sakhala doko limodzi. Amene wakhazikika bwino pa mankhwala angathe kulandira a miyezi ingapo nthawi imodzi, mpaka 6. Kabuku kake ka kuchipatala akakulunge m'pulasitiki n'kumayenda nako, kuti mankhwala akamuthera ali kutali akathandizidwe pa chipatala chapafupi.

Chenjezo lina limene ogawa amaiwala: amene ali kale pa ma ARV asadziyeze ndi OraQuick. Mankhwala akagwira bwino ntchito kachipangizoko kangathe kuonetsa mzere umodzi, munthu n'kuganiza kuti wachira n'kusiya kumwa. Zikatero kachilombo kamachulukanso.

Amene sanapezeke nako asangouzidwa kuti zikomo pitani. Kachilombo kangatenge mpaka miyezi itatu kasanayambe kuoneka poyeza, choncho amene wagonana mosadziteteza posachedwa adzabwerezenso. Ngati zachitika m'maola 72 apitawa, kaya kondomu inaphulika kaya anagwiriridwa, pali PEP ya mwezi umodzi, mankhwala oteteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi, ndipo kufulumira ndiko kumathandiza. Amene chiopsezo chawo n'cha tsiku ndi tsiku afunse za PrEP (mankhwala oteteza munthu asanatenge kachilombo), imene wolandira amayezedwanso miyezi itatu iliyonse.

MayiWaBungwe

Ine ndilankhulepo za amayi, poti mwawatchula mongodutsa. Padoko nsomba zikachepa, mayi amene akufuna kugulitsidwa matemba ena amamuuza kuti agone nawo kaye, ndipo pamenepo za kondomu alibe mawu. Palinso amayi oyendayenda amene amabwera nsomba zikachuluka, ngati momwe amachitira m'mabala a ku Chinamwali, Songani, Jali ndi Thondwe. Amayi amenewa sangatenge paketi m'manja mwa a mfumu kapena a komiti, pepani achimwene, ngakhale mukhale ndi mtima wabwino chotani. Amatenga kwa mnzawo amene amamukhulupirira. Pemphani kuti aphunzitsidwe awiri kapena atatu a pakati pawo, osankhidwa ndi iwo eni, ndipo asodzinso chimodzimodzi.

Komiti isasunge mndandanda wa amene atenga, ndipo bwana wa khoka asafunse zotsatira za anyamata ake. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuyeza munthu mokakamiza, ndipo limalola mwana wa zaka 13 kuyezetsa popanda kudikira chilolezo cha makolo, zimene n'zofunika kwa tianyamata tija timathandiza kukoka khoka. Amayi oyendayenda sanaiwale zimene zinachitika ku Mwanza mu 2009, pamene anzawo anamangidwa n'kuyezedwa mokakamiza, zotsatira n'kuwerengedwa m'khoti. Khoti lalikulu linagamula mu 2015 kuti kumeneko kunali kuphwanya ufulu wawo. N'chifukwa chake oyeza akafika ndi apolisi kapena ndi chinamtindi cha akuluakulu, amayiwa amabisala.

Samalaninso pa nkhani yopatsa mayi paketi yachiwiri kuti akapatse mwamuna wake, kapena yomufunsa mayina a amene wagonana nawo. Njirayi imathandizadi kupeza abambo, koma phungu ayambe wafunsa ngati mwamunayo amamumenya kapena kumuopseza. Akati inde, zisiyidwe. Ngati palibe nkhanza, mayiyo akhoza kusankha kuti aphungu akamufikire bamboyo okha osatchula dzina lake.

WakuKachulu

Zikomo nonse, ndalemba. Funso lomaliza: mapaketi amenewa tingawasunge mu ofesi yathu ya padoko? Ndi ya malata.

PhunguWaMtauni

Ayi bambo, m'nyumba ya malata yopanda siling'i ayi. Safuna kutentha kopitirira madigiri 30, ndipo mu Okutobala kunyanjako kumadutsa pamenepo. Akhale kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo pamalo ozizira, ogawa azitenga ochepa okwana sabata imodzi, m'chikwama chosawombedwa ndi dzuwa. Aziona tsiku lothera ntchito pa paketi iliyonse, ndipo yong'ambika kapena yonyowa asapereke. Pa paketi iliyonse mumatepo kapepala kolembedwa tsiku ndi malo amene wotsimikiza adzapezeke, ndi nambala ya foni ya phungu amene wavomera kuyankha ngakhale usiku.