Kodi "mtima suvala nsanza" ndi chitamando kapena chenjezo?

Akuluakulu odziwa miyambi, ndithandizeni. Mwambi woti "mtima suvala nsanza" ndinakula ndikuumva chonchi: munthu angasauke bwanji, mtima wake umasirirabe zabwino, sufunsa kuti m'thumba muli chiyani. Koma sabata ino ndawerenganso sewero la Shakespeare la Romeo ndi Juliet, ndipo mwambiwu wandikanirira m'mutu. Kodi umayamikira mtima kuti sunama, kapena umachenjeza kuti mtima sudziwa polekezera?

Chandifunsitsa ndi mkangano umene tili nawo ndi mnzanga. Iye akuti Romeo ndi pusi uja wa "ichi chakoma ichi chakoma" amene anagwa chagada. Umboni ali nawo ndithu. Sewero likamayamba mnyamatayu akulirira Rosaline, akudzitsekera m'chipinda dzuwa likuswa mtengo. Kuphwando la a Capulet, banja la Juliet lomwe ndi adani a banja la Romeo, anapitira kukaona Rosaline yemweyo, koma atangoona Juliet, winayo anaiwalika usiku womwewo. Mawa lake ukwati wamangidwa kale mwamseri.

Ine ndikukana. Rosaline salankhula ngakhale liwu limodzi m'sewero lonse, ndipo zimene Romeo amanena za iye zimamveka zoloweza pamtima. Akakumana ndi Juliet mawu amasintha: kucheza kwawo koyamba ndi ndakatulo imodzi ya mizere 14, uyu kuyamba, uyo kulandira. Ndipo tayang'anani Juliet. Sanakwanitse n'komwe zaka 14, koma ndiye amene akuopa kuti zinthu zikuthamanga ngati mphezi. Akuletsa Romeo kulumbira pa mwezi poti mwezi umasinthasintha. Pambuyo pake, pothawa kukwatitsidwa mokakamiza kwa mwamuna wina dzina lake Paris, akumwa mankhwala omugoneka maola 42 ngati wakufa, akudziwa bwino kuti akadzukira m'manda pakati pa mafupa a makolo ake, pafupi ndi mtembo wa msuweni wake Tybalt. Akunjenjemera, botolo lili m'manja, koma akumwabe. Wongosewera ndi chikondi angafike pamenepo?

Chilema chimene ine ndikuchiona mwa Romeo ndi phuma, osati chinyengo. Mnzake Mercutio ataphedwa, iye anapha Tybalt tsiku lomwelo la ukwati, n'kuthamangitsidwa mu Verona kupita ku Mantua. Atamva kuti Juliet wamwalira, sanafunse kawiri. Kalata ya wansembe Laurence, amene anawamangitsa ukwati, yomufotokozera zoti Juliet wangogona inali itatsekeredwa m'njira chifukwa cha mliri, ndipo akanangodekha pang'ono akanaona maso a nkhono, poti wansembe Laurence anafika kumandako mnyamatayo atangomwa kumene poizoni. Koma phumali si la ana okha ayi. Bambo a Juliet ndi amene anasuntha ukwati wa mwana wawo ndi Paris kuchoka Lachinayi kubwera Lachitatu. Ngakhale wolembayo anachita dala: mu ndakatulo ya Arthur Brooke ya mu 1562, imene anatengamo nkhaniyi, zinthu zimatenga miyezi, koma iye anazipanikiza kuyambira Lamulungu kufika m'mawa wa Lachinayi.

Chimene chandizunguza kwambiri ndi ichi. Munthu amene amavaladi nsanza m'seweroli ndi wogulitsa mankhwala wa ku Mantua, woonda ndi njala, m'sitolo mwake muli mabokosi opanda kanthu. Lamulo linkati wogulitsa poizoni aphedwe. Romeo atamuonetsa ndalama zagolide 40, bamboyo anavomera, koma ananena poyera kuti wavomera ndi umphawi wake, mtima wake sukufuna. Apa mwambi uja ndinaumva mwina: thupi lagonja, koma mtima wakana kuvala nsanzazo.

Ndiye funso langa ndi ili, makamaka kwa inu amene munaumva mwambiwu kwa agogo. Nsanza zimenezi ndi umphawi wokha, kapena zimatanthauzanso manyazi ndi bodza? Ndipo ankaunena liti: poteteza wachinyamata amene wakonda posayembekezeka, kapena pomudzudzula?