Wogula wakana sampulo ya koliyanda, nditani?

aMbewe: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitomala ku Ulaya wotcheza mowa wa gin, akufuna kontena imodzi ya njere za koliyanda zonunkhiritsira mowawo. Ndinamutumizira sampulo ya ku India, giredi ya Eagle, yopetedwa bwino komanso youma. Wabweza, akuti fungo n'lochepa. Pano ndi Malichi, mbewu yatsopano yadzaza m'misika ya Kota ndi Ramganj Mandi ku Rajasthan, mtengo watsika, ndipo sindikufuna mwayiwu undidutse. Ndimuyese ndi giredi ya Parrot?

Mayi Nabanda: Musataye ndalama pa sampulo ina, aMbewe. Magiredi a ku India amatsata maonekedwe: Badami ndi yofiirira, Parrot ndi yobiriwira. Kukwera giredi sikuwonjezera mafuta onunkhira, pomwe wotcheza gin akufuna mafutawo. Njere ya ku India ndi yaikulu, yotalikirako, mafuta ake nthawi zambiri safika ndi 1 peresenti yomwe. Imene akufuna iyeyo ndi njere zing'onozing'ono zozungulira za ku Bulgaria, Russia kapena Ukraine. Zimaoneka zonyozeka, koma mukazitswanya m'manja fungo la linalool, chimene chimanunkhiritsa mafutawo, limamveka pomwepo.

aMbewe: Nanga za kumeneko ndizipeza mwezi uno?

aChisale: Zilipo, koma ndi zogonera za chaka chatha. Kumeneko amakolola mu Julayi ndi Ogasiti. Ine ndikanamufunsa kasitomalayo ngati angadikire. Ndipo yang'anani ku Bulgaria poyamba. Chiyambire nkhondo ya ku Ukraine mu 2022, kulipira katundu wa ku Russia kumavuta, mabanki ena amangokana. Ine ndalama zanga zinakhala m'njira milungu ingapo, wogulitsa mpaka anayamba kundikayikira, zinandipweteka mtima kwambiri. Bulgaria ili mu EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, ndipo ngati kasitomala wanu alinso mu EU katundu amangoyenda pa thiraki wopanda msonkho wa pachipata.

Mayi Nabanda: Chinanso, mu kontrakiti mulembe mlingo wa mafuta umene mwagwirizana, ndipo labotale yoima payokha iyeze katundu asanapakiridwe. Sampulo yoti wogulitsa wasankha yekha ine sindiikhulupirira. Ndipo tsiku lililonse mukadzatumiza za ku India ku Ulaya, mufunse mmene anaphera tizilombo. EU silola mankhwala ophera tizilombo a ethylene oxide pa zakudya, ndipo kuchokera pa nkhani ya chitowe cha ku India chopezeka ndi mankhwalawo mu 2020 amayeza mosamalitsa. Muziitanitsa zophedwa tizilombo ndi nthunzi.

aChisale: Koma mtengo wotsikawo musausiye. Opera ufa wa curry wothira mu ndiwo ku Malaysia ndi ku Sri Lanka amaifuna njere yaikuluyo. Eagle yanuyo kumeneko siigonera.

aMbewe: Zikomo kwambiri mayi, nanunso aChisale. Ndamulembera kasitomala uja, wavomera kudikira mbewu yatsopano, bola ndimutumizire sampulo ya chaka chatha ya ku Bulgaria ayese kaye mu mphika wake waung'ono. Alipo amene ali ndi wogula wodalirika ku Malaysia? Mundilembere kumbali.